Kodi Dyera Timabadwa Nalo, Kapena Timachita Kuphunzitsana?

M'chaka cha 1982, akatswiri atatu a zachuma a ku Germany, Werner Güth, Rolf Schmittberger ndi Bernd Schwarze, adasindikiza zotsatira za kamasewera kamene adachititsa ophunzira a pa yunivesite ya Cologne. Malamulo ake ngakhale mwana wa sitandade 3 akhoza kuwamva. Pali anthu awiri amene sakudziwana. Woyamba amupatsa ndalama, tingoti K10,000, n'kumuuza kuti agawireko mnzakeyo mmene iye wafunira. Wachiwiri sangatsutse mtengo ngati pamsika. Chake n'kuvomera kapena kukana basi. Akavomera, aliyense atenga gawo lake. Akakana, ndalama yonse ibwerera kwa mwini kafukufuku, awiriwo n'kutuluka chimanjamanja. Mabuku a zachuma a nthawi imeneyo adali ndi yankho kale: wogawayo apereke kangachepe, mwina K100, ndipo mnzakeyo alandire, poti K100 iposa kupanda kanthu. Ophunzira aja sadatero. Ambiri adagawa pafupifupi pakati m'pakati, ndipo ena mwa amene adapatsidwa zonyozeka adakana, kulolera kutaya ndalama yawo yomwe kuti womana uja naye asadye. Masewerawa, omwe pa Chingerezi amawatcha ultimatum game, achitidwa kambirimbiri kuyambira pamenepo, ndipo pakati pa ophunzira a m'mayunivesite zotsatira zimangofanana: ogawa ambiri amapereka pakati pa 40 ndi 50 peresenti, ndipo gawo likachepera 20 peresenti limakanidwa pafupifupi theka la nthawi.

Funso limene lili pansi pa kamasewera aka ndi lakale kuposa maphunziro a zachuma. Alaliki akhala akulimbana nalo pa guwa, mashehe mumzikiti, akuluakulu pabwalo la milandu: kodi munthu akasiyidwa yekha, popanda diso lomuona, mtima wake umapendekera kuti? Ena amati ndi wodzikonda kuyambira m'mimba, ubwino wake ndi chovala chovalira alendo. Ena amati amabadwa ndi umunthu, dziko ndi limene limamuwononga. Ine ndikuona kuti umboni umene wachokera m'zipinda za kafukufuku pa zaka makumi anayi zapitazi sukuikira kumbuyo mbali iliyonse mwa ziwirizi. Ukusonyeza chinthu china chachitatu. Munthu asanasankhe kumana kapena kupatsa, amayamba wadzifunsa kuti, kodi pano ndi pati, ndipo anzangawa ndi anthu otani? Akaona kuti ndi pamsika amachita za pamsika, akaona kuti ndi pamaliro amachita za pamaliro. Tsono ngati zili choncho, chimene timaphunzitsana ponena za munthu si chithunzi chongojambula chimene chilipo kale. Chimalowa m'yankho la funso lija, ndipo pang'ono ndi pang'ono chimaumba munthu amene chikumufotokozayo.

Munthu wa m'mabuku uja, wongowerengera phindu lake, adachokera kuti? Ambiri amaloza chala Adam Smith, amene mu 1776 adafotokoza kuti wogulitsa nyama ndi wophika buledi satidyetsa chifukwa cha chifundo koma chifukwa chosamala zake. Koma Smith yemweyo adali atalemba kale buku lina mu 1759 lonena za mmene munthu amamvera ululu wa mnzake mumtima mwake, ndipo sadalikane bukulo mpaka imfa yake. John Stuart Mill, polemba mu 1836, adanena poyera kuti maphunziro a zachuma amangotenga mbali imodzi ya munthu, yofuna chuma, n'kuiyang'ana payokha, ndipo adachenjeza kuti palibe katswiri wopusa mpaka kukhulupirira kuti anthu enieni ali choncho. Chidali chida chophweketsera masamu, ngati mmene wojambula mapu amachotsera mitengo ndi zulu kuti msewu uoneke. Vuto lidabwera pamene chida chija chidapatsidwa dzina laulemu. Kusankha kokomera mwini wake kudatchedwa kusankha mwanzeru. Mawu amenewa si a masamu ayi, ndi chiweruzo. Mphunzitsi akauza kalasi kuti munthu wanzeru amalandira K100 ija, wanenanso, ngakhale sadatchule, kuti wokanayo ndi wopepera.

Pali otsutsa, ndipo mfundo yawo yoyamba ndi yolimba. Amati wogawa pakati m'pakati uja si woolowa manja, ndi wochenjera chabe: akuopa kukanidwa. Makolo athu omwe akuoneka ngati ali mbali yawo, pakuti mwambi uja woti kupatsa n'kuika ukunena mosabisa kuti wopereka amayembekeza tsiku lodzatapa. Ofufuza adayesa mfundo imeneyi pochotsa mphamvu yokana. Mu masewera atsopanowo wogawa amangolamula, wolandira alibe chonena. Zopereka zidatsikadi. Mu 1994 Elizabeth Hoffman, Vernon Smith ndi anzawo adapita patsogolo: adakonza maenvelopu mwanjira yoti ngakhale mwini kafukufuku asadziwe amene wapereka zingati, ndipo pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse sadasiyemo kanthu. Mu 2007 John List adawonjezera mwayi woti wogawayo akhoza kulandako ndalama za mnzake, ndipo opereka adachepa kwambiri. Izi sizofunika kuzizemba. Mbali yaikulu ya ubwino wa munthu imadaliradi maso a anthu. Komabe taonani zimene zatsala. Ngakhale mumdima wa envelopu muja, ena adasiyamo ndalama kwa munthu amene sadzamuona n'komwe. Ndiponso mfundo ya otsutsayi ikulongosola wogawa yekha, wokana uja siikumukhudza. Iye sakuika kalikonse, sadzakumananso ndi womanayo, ndipo akulipira ndalama yake kuti chinthu chosayenera chisadutse. Ndipo wogawa wochenjerayo akuopa chifukwa akudziwa kuti okana otere alipo. Kuchenjera kwake kwaima pa chilungamo cha mnzake.

Ena amati zonsezi ndi chifukwa choti ndalama zake n'zamasewera. Lisa Cameron adakachititsa masewera omwewa ku Indonesia ndi ndalama zofika pa zimene munthu amagwiritsa ntchito miyezi itatu, zotsatira zake adasindikiza mu 1999, ndipo ogawa sadasiye kugawa moyandikira pakati. Chimene chimasintha ndalama zikachuluka ndi kulimba mtima kwa wokana: kafukufuku wina wa m'midzi ya kumpoto chakum'mawa kwa India adapeza kuti gawo laling'ono la chuma chachikulu anthu ambiri amalimeza. Njala imagwetsa ulemu, izi sitifunika yunivesite kuti itiuze.

Umboni umene ukundikoka kwambiri udachokera kunja kwa mayunivesite. Joseph Henrich, akadali wophunzira, adapita ndi masewerawa kwa Amachiguenga a m'nkhalango za Peru, anthu okhala banja lililonse palokha, olima ndi kusaka zodya okha. Iwo adapereka pafupifupi 26 peresenti, ndipo panalibe wokana kupatula mmodzi. Kwa iwo kukana ndalama yaulere kudali kopanda mutu, ndipo kukhala wachiwiri kudali tsoka chabe, osati chipongwe. Izi zidachititsa kuti gulu la ofufuza lichite masewerawa pakati pa magulu 15 a anthu m'makontinenti osiyanasiyana, kuphatikizapo Ahadza a ku Tanzania, Aorma a ku Kenya ndi Ashona a ku Zimbabwe, ndipo zotsatira zidatuluka mu 2001. Anthu a ku Lamalera ku Indonesia, amene amasaka anangumi m'mabwato opalasa anthu ambiri n'kugawana nyama motsata lamulo la makolo, adapereka pafupifupi 58 peresenti, kuposa theka. Aau ndi Agnau a ku Papua New Guinea adachita chodabwitsa kuposa onse: ankakana ngakhale zopereka zopitirira theka, chifukwa kwawoko kulandira mphatso yaikulu n'kudziika pansi pa woperekayo, ngongole yosatha. Ndipo Aorma atapatsidwa masewera ena oti aliyense aponye ndalama m'thumba la onse, adangoyang'ana malamulo n'kunena kuti iyi ndi harambee, msonkhamsonkha umene amachita pomanga sukulu kapena msewu, ndipo adasonkha ngati mmene amasonkhera pa harambee. Palibe gulu limodzi mwa 15 aja limene lidachita monga munthu wa m'mabuku, koma palibenso awiri amene adachita zofanana ndendende. Aliyense adanyamula mudzi wake kulowa nawo m'masewera. Ndipo, chokhumudwitsa kwa amene amakonda kunena kuti ndalama ndi imene idapha umunthu, magulu ozolowera kugula ndi kugulitsa pamsika ndi amene ankagawa mwachilungamo kwambiri kwa munthu wosamudziwa.

Wina anganene kuti ameneyo ndi mtundu ndi mtundu, chikhalidwe cha zaka mazana, sichisintha ndi mawu a mphunzitsi. Koma chimasintha, mwachangunso. Varda Liberman, Steven Samuels ndi Lee Ross adatenga ophunzira a pa yunivesite ya Stanford n'kuwachititsa masewera amodzimodzi, malamulo omwewo, ndalama zomwezo, oti anthu awiri asankhe kugwirizana kapena kudyerana masuku pamutu. Gulu lina adaliuza kuti dzina la masewerawo ndi Wall Street Game, potengera msika wa masheya wa ku New York. Gulu lina adaliuza kuti ndi Community Game, kunena kuti masewera a anthu a mudzi umodzi. Pa dzina loyamba adagwirizana pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse. Pa dzina lachiwiri adagwirizana pafupifupi asanu ndi awiri mwa khumi. Ofufuzawo adali atafunsiratu oyang'anira magona a ophunzira kuti awalozere amene amaoneka amtima wabwino ndi amene amaoneka adyera, koma mbiri imeneyo sidalosere kanthu. Dzina ndi limene lidalamula. Ku Haifa ku Israel, Uri Gneezy ndi Aldo Rustichini adaona zofanana pa sukulu zamkombaphala khumi. Makolo ena ankachedwa kudzatenga ana, ndiye pa sukulu zina padaikidwa chindapusa cha masekeli 10 kwa wochedwa kupitirira mphindi khumi. Ochedwa adachuluka. Poyamba kuchedwa kudali kulakwira mphunzitsi amene akudikira ndi mwana wako, chinthu chochititsa manyazi. Chindapusa chitabwera kudasanduka katundu wokhala ndi mtengo, wotchipanso. Chindapusa chija atachichotsa, manyazi aja sadabwerere.

Apa ndiye pakubwera nkhani ya ophunzira zachuma eni ake. Mu 1981 Gerald Marwell ndi Ruth Ames a ku yunivesite ya Wisconsin adapeza kuti pa masewera osonkha m'thumba la onse, ophunzira ena ankaponya pafupifupi theka la ndalama zawo, pamene ophunzira digiri yapamwamba ya zachuma ankaponya 20 peresenti. Atawafunsa kuti kusonkha kwachilungamo kukadakhala kotani, opitirira mmodzi mwa atatu a zachumawo adakana kuyankha kapena adayankha zozungulira zosagwirika. Mu 1993 Robert Frank, Thomas Gilovich ndi Dennis Regan a ku Cornell adapeza kuti pa masewera ogwirizana kapena kudyerana masuku pamutu, a zachuma adadyera anzawo masuku pamutu pafupifupi 60 peresenti ya nthawi, ena onse 39 peresenti. Koma chilungamo chimene tikuchikambachi chikufuna kuti timvenso mbali ina. Mu 1996 ofufuza a ku yunivesite ya George Washington adataya dala maenvelopu okhala ndi madola 10 ndi adiresi ya mwini wake m'makalasi osiyanasiyana, ndipo ochokera m'makalasi a zachuma ndi amene adabwezedwa ambiri. Ku Zurich, Bruno Frey ndi Stephan Meier adayang'ana zimene ophunzira amapereka ku thumba lothandiza anzawo osowa polipira fizi, ndipo adapeza kuti omana aja adafika pa yunivesite ali omana kale, maphunziro sadawawonjezere. Choncho kunena kuti maphunziro a zachuma amapanga akuba ndi bodza, ndiponso ndi chipongwe kwa anthu amene adachita kafukufuku yense amene ndikumutchula pano, pakuti ambiri mwa iwo ndi akatswiri a zachuma. Chimene ndikunena n'chocheperapo koma chovuta kuchikana: chiphunzitso chonena za anthu chimagwira ntchito kudzera pa zimene umayembekeza kwa anzako.

Mmene chimagwirira ntchito adazionetsa bwino Urs Fischbacher, Simon Gächter ndi Ernst Fehr mu 2001. Adafunsa wophunzira aliyense kuti alembe zimene angasonkhe anzake akasonkha zakutizakuti. Pafupifupi 30 peresenti adalemba ziro paliponse. Koma theka lathunthu lidalemba kuti anzanga akasonkha zambiri inenso zambiri, akachepetsa inenso ndichepetsa. Gulu lalikulu la anthu si angelo ndipo si afisi. Ndi anthu ofuna kuchita bwino koma osafuna kupusitsidwa. Aliyense amene adalowapo chipereganyu kapena banki m'khonde akudziwa mmene gulu limafera: sikuti onse amasanduka akuba tsiku limodzi, koma mmodzi akathawa ndi ngongole, wachiwiri amayamba kuchedwetsa yake, wachitatu amati ine ndiye ndikhale chitsiru cha ndani, mpaka bokosi litsala ndi maloko atatu ndi kabuku. Tsono munthu wotereyu, wa m'theka lija, mukamuphunzitsa zaka zinayi kuti anthu onse ndi adyera ndipo wanzeru amadziwa zimenezo, simunasinthe mtima wake ngakhale pang'ono. Mwangomuuza kuti anzake sasonkha. Zotsalazo achita yekha, ndipo achita ndi chikumbumtima choyera, poganiza kuti akungodziteteza.

Okhulupirira Mulungu ena angaone ngati ndikupeputsa uchimo. Angati chiphunzitso chakale cha mpingo chidanena kale kuti mtima wa munthu ndi wokhota, ndipo akatswiri a zachuma adangochibwereza m'manambala. Kufanana kulipo, koma kusiyana kwake n'kwakukulu. Mlaliki akati munthu ndi wodzikonda, amanena ngati matenda, akuyembekeza kuti womvera achite manyazi n'kutembenuka. Buku likati munthu ndi wodzikonda, n'kutcha kudzikondako nzeru, lachotsa manyazi aja monga chidachitira chindapusa cha ku Haifa. Mawu ndi amodzi, ntchito ndi ziwiri. Ndipo chiphunzitso chomwecho cha mpingo chimanenanso kuti munthu adalengedwa m'chifanizo cha Mulungu, mbali imene wokana K100 uja akuikumbutsa, ngakhale akuikumbutsa ndi mkwiyo.

Kutsutsa kumene kumandivuta kwambiri kukuchokera kwathu konkuno, ndipo sikuchokera kwa okonda msika. N'kosavuta kutenga zonsezi n'kuyamba kudzitama kuti ife a ku Africa tidadziwa kale, kali kokha n'kanyama, azungu akungotulukira lero zimene agogo ankaphunzitsa pa mphala. Kudzitama kumeneku umboni sukukuvomereza. Jessica Goldberg adachititsa mayere a ndalama pakati pa alimi a m'makalabu m'chigawo chapakati cha Malawi. Ena adapambana pamaso pa gulu, ena mwachinsinsi. Opambana poyera adathamangira kuwononga ndalama zawo msanga kuposa opambana mobisa, ndipo chifukwa chake aliyense amene adagulitsapo fodya akuchidziwa: ndalama ikamveka, abale amatulukira ngati inswa mvula ikagwa. Kumadzulo kwa Kenya, Pamela Jakiela ndi Owen Ozier adapeza kuti amayi ambiri ankalolera kutaya phindu, ena mpaka kulipira, kuti achibale asadziwe zimene apeza. Ndipo mu 2008 Benedikt Herrmann ndi anzake, atachititsa masewera osonkha m'mizinda 16, adapeza kuti m'malo ena monga Muscat ndi Athens anthu ankalipira ndalama kuti alange amene asonkha zambiri. Mphamvu yomweyo imene imakana womana imathanso kugwetsa wopambana, ndipo ikatero timaitcha kaduka. Kugawana kwina ndi chikondi, kwina ndi mantha oopa kunenedwa kuti wakhwimira. Izi sizikugwetsa mfundo yanga, zikungoichotsa shuga. Ngati munthu amachita molingana ndi mmene wawerengera malo ndi anthu, ndiye mudzi nawo ukhoza kumuphunzitsa zoipa monga kalasi. Mlimi wobisa ndalama m'nkhokwe waphunzira kuti anzake ndi olanda, wophunzira wosasonkha waphunzira kuti anzake ndi omana, ndipo onse awiri akuyankha funso limodzi lija.

Mu 2010 Henrich ndi anzake awiri adadandaula kuti pafupifupi 96 peresenti ya anthu oyesedwa m'magazini akuluakulu a maphunziro a maganizo adachokera m'maiko okhala ndi 12 peresenti yokha ya anthu a padziko lapansi, ambiri mwa iwo ophunzira a m'mayunivesite. Choncho wophunzira wa ku Zomba kapena ku Bunda amene wasankha kuchita kafukufuku wotere pa digiri yake ali ndi chopereka chenicheni, ndipo safunika zambiri: maenvelopu, kalasi yopanda anthu, ndalama zochepa ndi chilolezo cha komiti yoona za ufulu wa oyesedwa. Koma asanayambe adzakumana ndi funso lonse la nkhani ino litabisala m'ntchito yooneka yaing'ono, yomasulira malamulo a masewera kuti awawerengere anthu m'Chichewa. Pepala lachingerezi lili ndi mneni mmodzi wosalowerera mbali. Iye ayenera kusankha. Akati mugawire mnzanu, wanena kuti ndalamayo ndi ya onse awiri, ngati nyama ya pa ukwati. Akati mumupatseko, ndalamayo yasanduka ya woyambayo, ndipo winayo ndi wopempha. Akati musonkhe, waitana maliro ndi chipepeso, nyakwawa ili ndi kope m'manja. Akati muike, waitana banki m'khonde ndi chiwongoladzanja chake. Akati mupereke, theka la chipinda limva mbale ikuyenda m'tchalitchi. Mneni wopanda mudzi wake mulibe m'chinenerochi, ndipo ndikukayika ngati ulipo m'chinenero china chilichonse. Adzasankha umodzi, anthu adzalowa mmodzimmodzi kuseri kwa chinsalu ndi envelopu yawo, ndipo nambala imene idzatuluke adzailemba pa tebulo la m'mutu wachinayi wa pepala lake, pansi pa mawu oti zimene anthu a m'boma lakutilakuti amakonda.